Anglo-Saxon Wafika ku Palabana

Mnyamata wina wa kuno amene amayendetsa thiraki ya katundu kupita ku Congo wabwerako ndi mawu amene autsa mapiri pachigwa. Akuti atadutsa pa Kasumbalesa n'kufika ku Lubumbashi, kalaliki wina wolandira katundu anayang'ana mapepala ake olembedwa m'Chingerezi, n'kumwetulira, n'kumuuza kuti inu a ku Zambia ndinu ma-Anglo-Saxon, zinthu zanu zimayenda mwa mtundu wina. Mnyamatayo sanadziwe ngati amuyamikira kapena amutukwana. Anangoti zikomo, n'kuwasunga mawuwo ulendo wonse wobwerera. Atafika anafunsa amayi ake, amayiwo anakafunsa anzawo ku chigayo, ndipo pofika Loweruka nkhani inali m'kamwam'kamwa.

Oyamba kuigwira anali alimi a mkaka. Amene sanafikeko kuno adziwe kuti ku Palabana kumacha ndi phokoso la zigubu: njinga zikutuluka m'tinjira ta m'mafamu, chigubu uku china uku, kulunjika kumene amalandirira mkaka. Pamzere wodikira kuti mkaka uyesedwe ndi pamene nkhani za dera lonse zimaphikidwira. Pamenepo mkulu wina wa imvi, amene anagwira ntchito pa mgodi wa Nchanga ku Chingola, anati sakuona chovuta. "Anglo ndimaidziwa ine, yandidyetsa ndi ana anga. Saxon ameneyo ayenera kuti anali mnzake wa bizinesi amene sankabwera ku mgodi." Anthu anaseka, koma mkuluyo sanaponye kutali. Kampani ya Anglo American anaiyambitsa ndi Ernest Oppenheimer ku Johannesburg mu 1917, ndi ndalama zochokera ku Britain ndi ku America, n'chifukwa chake dzinalo. Inagwira migodi ya Nchanga ndi Nkana zaka zambirimbiri, ndipo pamene inachoka ku Konkola mu 2002 mabanja ambiri a ku migodi sanaone tulo. Kwa munthu wa m'badwo umenewo Anglo ndi malipiro a pamwezi, nyumba ya mgodi ndi chipatala chake, ndiye kumuuza kuti mawuwa analipo zaka zoposa 1,000 kampaniyo isanabadwe n'kumuputa dala.

Ku chigayo amayi anali ndi yankho lawolawo: zimenezi n'za tchalitchi. Mayi wina wa Anglican anati ngati pali m-Anglo-Saxon weniweni pa Palabana ndiye ndi iyeyo, popeza agogo ake anabatizidwa ku Msoro, kumene wansembe Leonard Kamungu wochokera ku Nyasaland anakagwira ntchito mpaka imfa yake mu 1913. Mlamu wake wa Katolika, amene mwana wake ali ku seminale, sanalole zimenezo. "Alamu, musaiwale kuti amene anawatembenuza anthu amenewo ndife. Papa Gregory ndiye anatuma Augustine, n'kukafika ku Kent mu 597. Canterbury mumanyadira nayeyo anamuyamba ndani?" Anakokanakokana mpaka ufa unatuluka, ndipo chokoma n'chakuti onse awiri ankanena zoona.

Amene anathyola anthu nthiti ndi bambo wina wa ku Chipata amene amawotcha michopo pafupi ndi pokwerera minibasi. Iye akuti palibe chinsinsi: Anglo ndi Angoni, kungoti mzungu analephera kulemba. Umboni ali nawo wokwanira. Anthu amenewo anachoka kwawo, anawoloka madzi, anafika m'dziko la eni ndi mikondo ndi zishango, ankakonda ng'ombe ndi mowa. "Mukufunanso chiyani? Amenewo ndi abale athu." Mayi wa Chibemba wogulitsa salaula, amene chimbuya chawo ndi bamboyu sichitha, anafunsa kuti ngati Angerezi ndi Angoni, nanga bwanji sadya mbewa? Bamboyo sanachedwe: anasiya chifukwa kwawoko n'kozizira, mbewa sizinenepa.

Pofika Lamlungu masana nkhani inakafika kumene nkhani zovuta zimathera, pansi pa mtengo pamene madoda amasewera nsolo. Pamenepo pamakhala aphunzitsi ena opuma amene anaphunzira ntchito yawo ku Chalimbana. Anamvetsera zonse osadula munthu pakamwa. Kenako anasalaza dothi ndi phazi, natola kamtengo, najambula chilumba kumanzere, gombe lalitali kumanja, nyanja pakati. Anabwereka miyala itatu ya nsolo, eni masewero akudandaula, naindandalika m'mphepete mwa gombelo. Wapamwamba anati ndi ma-Jute a ku Jutland, ku Denmark wa lero. Wapakati ndi ma-Angle, ochokera ku kadera kotchedwa Angeln pafupi ndi mzinda wa Flensburg, kumpoto kwenikweni kwa Germany. Wapansi ndi ma-Saxon a ku Holstein ndi kumathiriro a mtsinje wa Elbe. Aroma analamulira chilumba cha Britain kuyambira chaka cha 43 mpaka cha m'ma 410. Atachoka, mabwato anayamba kuwoloka, ndipo aphunzitsi anakankha miyala ija ndi chala, umodziumodzi, mpaka yonse inakafika pachilumba.

Amene anatisungira mayina atatuwa ndi mmonke wa ku Jarrow dzina lake Bede, amene anamaliza kulemba mbiri ya mpingo wa kumeneko mu 731, ndipo kufika kwa alendowo anakuika cha m'ma 449. Mapazi awo akuonekabe pamapu. Essex, Sussex ndi Wessex ndiko kuti ma-Saxon a kum'mawa, a kummwera ndi a kumadzulo. East Anglia ndi ma-Angle a kum'mawa. Dziko lonse linadzatchedwa Engla land, dziko la ma-Angle, ndipo ndi mawu omwewo amene atafika m'kamwa mwa makolo athu anasanduka Mangalande. Apa anthu anakhala chete pang'ono, chifukwa sanayembekezere kuti nthawi zonse tikamati Mngerezi kapena Chingerezi timakhala tikutchula kadera kakang'ono ka alimi kamene ambiri mwa Angerezi eni ake sanakapondeko.

Nanga anawalumikiza ndani mayina awiriwa? Aphunzitsi anati si eni ake. Iwo polankhula tsiku ndi tsiku ankadzitcha Englisc. Anali alembi a kumtunda, ku Ulaya, amene m'zaka za m'ma 700 anafuna kusiyanitsa ma-Saxon amene anawoloka ndi ma-Saxon amene anatsala kwawo, ndiye owolokawo anawatcha ma-Saxon a ku Mangalande. Mfumu Alfred, imene inalamulira kuyambira 871 mpaka 899, inadzalitola dzinalo italanda London cha m'ma 886, chifukwa inkafuna dzina limodzi lokwanira anthu ake a ku Wessex ndi ma-Angle a ku Mercia amene anali atalowa pansi pake. Mdzukulu wake Athelstan pofika 927 anali kale mfumu ya Angerezi onse, ndipo dzina lalitali lija linayamba kuzilala. Mu 1066 asilikali a William wa ku Normandy anapha mfumu Harold pa nkhondo ya ku Hastings, nthawi ya anthu amenewa n'kuthera pomwepo. Choncho m'buku la mbiri, Anglo-Saxon ndi anthu a ku Mangalande a pakati pa zaka za m'ma 400 ndi 1066, pamodzi ndi chilankhulo chawo, chimene Mngerezi wa lero sangachimve popanda kuchiphunzira.

Zikanathera pamenepo zikanakhala za m'kalasi chabe. Zinafika pakhomo chifukwa cha mtsikana wina amene akuphunzira za ziweto pa sukulu yathu ya zamkaka, ija anaikweza kukhala yunivesite. Anali atangoima kumbuyo ndi njinga yake. "Aphunzitsi, mwati Holstein?" Atavomera, mtsikanayo anatembenukira alimi n'kuwafunsa dzina lonse la ng'ombe zawo zamawanga akuda ndi oyera zija. Pano timangoti Friesian, koma m'mabuku ndi Holstein-Friesian, mtundu wochokera ku Friesland, kumpoto kwa Netherlands, ndi ku Holstein komweko kumene kunali mwala wachitatu uja. Aphunzitsi anawomba m'manja. Anati ma-Frisian anali anansi a ma-Saxon pagombe lomwelo, ndipo mpaka lero chilankhulo chawo ndicho chapachibale kwambiri ndi Chingerezi kumtunda konseko. Mtsikanayo anawonjezera kuti ngakhale Angeln ali ndi ng'ombe zake zamkaka, zofiira, zotchedwa Angler, ndipo ng'ombe zofiira za nyama zotchedwa Sussex zinatenga dzina la dera la ma-Saxon a kummwera lija.

Mlimi wina anagwira pakamwa. "Ndiye mukuti ine m'mawa uliwonse ndimakama m-Saxon?" Kuseka kwake kunamveka mpaka kumsewu. Mnzake woweta Jersey anafunsa za yake, ndipo atamva kuti Jersey ndi kachilumba koyandikana ndi gombe la Normandy, kamene kanali m'manja mwa mafumu omwe aja anagonjetsa Mangalande mu 1066, anadzuka n'kuyenda monyang'wa kuzungulira nsolo. Yake ndiyo ya opambana nkhondo. Wa Friesian anati opambana otani odzaza theka la chigubu. Wa Jersey anati bwerani ndi mkaka wanu wamadziwo tione amene atulutse mafuta. Mkangano umenewu ndi wakale kuposa nkhani ya Anglo-Saxon, kungoti tsopano wapeza zida zatsopano, ndipo ndikumva kuti pamzere wa mkaka anthu ayamba kupatsana moni wofunsana kuti m-Saxon wadzuka bwanji.

Aphunzitsi anaponyapo kena kamene alimi anakamva msanga kuposa ana a sukulu. Mawu a Chingerezi a chiweto chamoyo, monga cow, calf ndi ox, ndi akalekale a anthu a miyala itatu aja. Koma a nyama yake ikafika m'mbale, beef ndi veal, anabwera ndi Chifalansa cha ma-Norman. Ambiri amafotokoza kuti woweta anali wogonja, wodya anali bwana. Palibe anafunsa kuti amufotokozerenso. Ndipo atamva kuti kwa anthu amenewo liwu limodzi, feoh, linkatanthauza ng'ombe komanso chuma, bambo wa ku Chipata uja anatambasula manja ngati wapambana mlandu. M'busa wina wa mpingo wa Pentekosite ndiye anabwerera kunyumba ali khuma, atamva kuti Tuesday, Wednesday, Thursday ndi Friday ndi mayina a milungu yawo yakale, Tiw, Woden, Thunor ndi Frig. Akuti kuyambira tsopano zolengeza za mapemphero a pakati pa sabata azinena m'Chinyanja, chifukwa Lachitatu ndi kuwerenga chabe, mulibe fano.

Kuseka kunaduka pamene mnyamata wina wa ku yunivesite anafunsa chifukwa chake mawuwa amanunkha tsankho, ngati ndi dzina chabe la anthu akale. Funso limeneli ndi limene ine ndikuliona lolemera pa onse, ndipo yankho lake lili pansi pa mapazi athu. M'zaka za m'ma 1800 anthu ena ku Britain ndi ku America analifukula dzinali n'kulipatsa ntchito ina: kunena kuti pali mtundu wa magazi apamwamba umene unabadwira kulamulira ena. Mmodzi mwa iwo anali Cecil Rhodes. Mu 1877, ali mnyamata ku Oxford, analemba chikalata cha zimene ankakhulupirira, m'mene ananena kuti mtundu wake ndiwo woposa yonse, kuti dziko lingapindule ukafalikira paliponse, ndipo Africa ili chidikirire kutengedwa. Dzina limene anaupatsa mtunduwo ndi lomweli. Sanathere polemba. Kampani yake ya British South Africa inalandira chilolezo cha mfumukazi mu 1889. Mu 1898 asilikali anathira nkhondo Angoni a Mpezeni, anapha mwana wake Nsingo, nalanda ng'ombe zikwizikwi. Mu 1911 dziko lino linatchedwa Northern Rhodesia, kampaniyo n'kulilamulira mpaka 1924, ndipo minda yabwino yozungulira Lusaka inapita kwa azungu, eni nthaka n'kukankhidwira kumbali. Wowotcha michopo uja atamva za Nsingo anati ubale uja waubweza.

Chimene chimandipweteka n'chakuti bodza limeneli ananamizira anthu amene sanalinene. Mu 2022 akatswiri anafalitsa zimene anapeza atayeza mafupa a anthu 460 a nthawi imeneyo. Anapeza kuti owolokawo analidi ambiri, moti kum'mawa kwa Mangalande pafupifupi magawo atatu mwa anayi a magazi a anthu anali ochokera kutsidya kwa nyanja. Koma anapezanso kuti anakwatirana ndi amene anawapeza, n'kumaikidwa m'manda amodzi, ndipo mwa Angerezi a lero magazi a owoloka aja safika theka. Ku Updown, m'dera la Kent, anapeza mtsikana woikidwa m'zaka za m'ma 600 amene mbali ina ya makolo ake inali ya kumadzulo kwa Africa. Anamuika pakati pa abale ake, ndi katundu wake, monga ankaikira mwana wina aliyense wa pamudzipo. Amayi a ku chigayo atamva zimenezi anafuna kudziwa dzina lake, ndipo anadandaula kumva kuti mafupa sasunga dzina.

N'chifukwa chake ngakhale ophunzira a kumeneko sakumvana. Mu 2019 bungwe la akatswiri a mbiri imeneyi, International Society of Anglo-Saxonists, linavota kuti lichotse mawuwa pa dzina lake, poona mmene anthu atsankho akuwagwiritsira ntchito, makamaka ku America. Akatswiri ena, ambiri a ku Britain, anakana, nati dzina limene mfumu Alfred inalemba pa zikalata zake silingatayidwe chifukwa choti wina walidetsa. Pansi pa mtengo paja anagawikananso chimodzimodzi: mnyamata wa ku yunivesite akuti litayidwe, aphunzitsi akuti lichapidwe. Ine ndili kumbali ya aphunzitsi pamene tikunena za Bede ndi Alfred. Koma munthu akalitchula ponena za magazi a anthu amoyo lero, ndimafuna andiuze kaye kumene akulowera.

Nanga kalaliki wa ku Lubumbashi ankatanthauza ziti? Palibe mwa zimenezi. Olankhula Chifalansa ali ndi chizolowezi chawo: akati Anglo-Saxon amanena Angerezi, Amereka ndi onse ochita zinthu mwa njira yawo. Charles de Gaulle, amene anatsekera Britain khomo la msika wa mayiko a ku Ulaya mu 1963 ndi mu 1967, ankawakonda mawuwa, ndipo masiku ano akuluakulu a boma la Russia amawatchula pafupipafupi akamadzudzula London ndi Washington. Congo analamulidwa ndi Belgium, amalemba m'Chifalansa, makhoti ake amatsata malamulo a mtundu wa kumtunda kwa Ulaya, ndipo magalimoto amayenda kumanja. Ife timalemba m'Chingerezi, makhoti athu anatengera a ku Mangalande, timayenda kumanzere. Dalaivala aliyense wodutsa pa Kasumbalesa amakudziwa kusiyana kumeneku ndi manja ake pachiwongolero. Ku Cameroon zinafika pena: anthu akuda ngati ife amanena okha kuti yunivesite ya Buea, imene inatsegulidwa mu 1993, ndi ya dongosolo la Anglo-Saxon, ndipo mu 2016 maloya ndi aphunzitsi a zigawo zolankhula Chingerezi ananyanyala ntchito poteteza makhoti ndi sukulu za mtundu umenewo kuti zisamezedwe ndi Chifalansa. Amayi a mnyamata wa thiraki uja atamva kuti mwana wawo sanatukwanidwe anapumira m'mwamba, ngakhale akuti akanakonda kalalikiyo akanangomutcha m-Zambia.

Funso limene latsala likuyenda mpaka lero linachokera kwa gogo wina wa Chisoli wogulitsa tomato ndi repu, amene tonse timangowatcha ambuya. Anamvetsera za mabwato, za mafumu, za ng'ombe, kenako anafunsa kuti nanga eni chilumbacho anapita kuti. Aphunzitsi anati ambuya, ambiri anatsala n'kusakanikirana ndi alendowo, ana awo n'kuyamba kulankhula chilankhulo chatsopano. Ena anakhalabe paokha kumapiri a kumadzulo ndi ku Cornwall, ena anawoloka nyanja kupita kudera la France limene lero likutchedwa Brittany. Obwerawo anawatcha eni dzikowo wealas, kutanthauza anthu achilendo, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera dzina loti Wales. Eni ake amadzitcha Cymry, ndipo Angerezi mpaka lero amawatcha Saeson, ndiko kuti ma-Saxon.

"Mlendo n'kumutcha mwini mudzi kuti mlendo?" Ambuya anafunsa kawiri. Kenako anayamba kuwerenga pa zala. Dera lino ndi la Asoli, la mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, ndipo chaka ndi chaka anthu amasonkhana ku Chongwe pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula. Koma Chisoli sichili m'gulu la zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma linasankha kuti zizimveka m'sukulu, ana a kuno amaphunzira Chinyanja, ndipo adzukulu awo omwe akawalankhula m'Chisoli amayankha m'Chinyanja cha m'tauni. Lusaka naye akubwera ndi mapuloti ake ndi mipanda ya njerwa, chaka chilichonse kuyandikira. Bambo wa ku Chipata anayesa kuwatonthoza. Anati ambuya, zimatheka kuti mwini mudzi apambane: ife tinawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835 tili ndi chilankhulo chathu, koma tinakwatira akazi a Chinsenga, ana n'kutengera cha amayi awo, moti lero Chingoni chimamveka kwambiri m'nyimbo za pa Nc'wala ku Mtenguleni. Aphunzitsi anavomereza, nati mafupa aja anasonyeza kuti ma-Angle ndi ma-Saxon anawoloka ndi akazi awo, ndipo chilankhulo chimayenda ndi amene wabereka mwana kumsana.

Ife amene timalankhula ndi kulemba Chinyanja tiyenera kuwamva ambuyawa mofatsa, chifukwa m'nkhani ya kuno obwera ndi mabwato ndife. Sitinabwere ndi mikondo, koma chilankhulo chathu chadzaza msika, kalasi ndi minibasi, ndipo ambiri mwa ife takhala pano zaka osaphunzira ngakhale moni wa eni dera. Aphunzitsi anawauza ambuya kuti a ku Wales sanagonje: ali ndi wailesi yakanema ya chilankhulo chawo kuyambira 1982, zikwangwani za m'misewu zimalembedwa m'zilankhulo ziwiri, ndipo kalembera wa 2021 anapeza anthu oposa 500,000 ochilankhula. Ambuya anafunsa kuti zatenga zaka zingati chifikireni alendowo. Atamva kuti zapitirira 1,500 anati ndiye nthawi ilipo.

Lolemba m'mawa anaika lamulo pa tebulo lawo: wofuna tomato ayambe wapereka moni m'Chisoli, ndipo wopereka bwino amuikira basera. Mayi wa salaula anakhoza ulendo woyamba, nati Chisoli sichili kutali ndi kwawo. Wa Jersey ndi wa Friesian akuphunzitsana panjira yochokera ku mkaka, aliyense kunena kuti mnzake ndiye akulakwitsa. Wowotcha michopo akutuma mwana.